Neba wanga ali ndi mfuti, amanyoza sukulu za boma, ndipo akufuna kutenga mwana wanga kokasaka

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akugwira ntchito ya unamwino m'tauni ina yaing'ono ku Wisconsin, m'dziko la America. Ndaifupikitsa ndipo mayina ndachotsa.

"Achimwene, ndithandizeni maganizo. Bambo woyandikana nafe ndi munthu wabwino. Chipale chofewa chikagwa amatichotsera pakhomo osalipiritsa, galimoto ikavuta amabwera ndi zitsulo zake. Koma m'nyumba mwake muli mfuti, osati imodzi ayi. Tsopano wapempha kuti mnyamata wanga wa zaka 13 apite naye, pamodzi ndi ana ake, kokasaka agwape mu November. Mwanayo sakugona ndi chimwemwe, ine sindikugona ndi mantha. Chinanso, bamboyu akayamba za sukulu za boma sapuma. Ana ake anawachotsa, amaphunzira pakhomo, ndipo akuti mabungwe a aphunzitsi ndiwo anaononga maphunziro. Akuti nanenso wanga ndimuchotse. Kodi mfuti, kusaka ndi kudana ndi sukulu zikugwirizana pati? Ndimulole mwanayu? Nanga za sukuluzi akunena zoona?"

Achemwali, ndiyambe ndi yankho kuti musawerenge mtima uli m'mwamba. Kosakako mwana apite, koma atayamba wachita maphunziro a alenje, komanso inu mutafunsa bamboyo funso limodzi lovuta limene nditchule m'munsimu. Kusukulu musamuchotse chifukwa cha mawu a neba. Bamboyo wakupatsani zinthu zitatu atazimanga mtolo umodzi, ndipo iye amazionadi ngati chinthu chimodzi. Inu mulibe chifukwa chosenzera mtolo wonsewo. Umasuleni, muone chilichonse pachokha.

Mantha anu ndikuwamva. Ife a ku Malawi mfuti tinaidziwa ili m'manja mwa wapolisi, msilikali kapena mbava. Achikulire amakumbukira a Payoniya ndi kulira kwa mfuti mu December 1993, achinyamata amakumbukira 20 July 2011. Mfuti ya munthu wamba imene ena tinaionapo ndi gogodela ya mlenje wa kumudzi basi. Ndiye ukamva kuti m'nyumba yoyandikana muli mfuti zingapo, thupi limachita tsembwe lisanafunse nzeru kumutu.

Ku America nkhani inayenda njira ina. Ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1791, pa gawo limene amalitcha Second Amendment, ndipo mu 2008 khoti lalikulu, pa mlandu wa Heller, linagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha, osati wa gulu la asilikali lokha. Bungwe la Small Arms Survey linawerengera mu 2018 kuti anthu wamba kumeneko ali ndi mfuti pafupifupi 393 miliyoni, kutanthauza mfuti 120 pa anthu 100 alionse. Komabe kafukufuku wa bungwe la Pew wa 2023 anapeza kuti akuluakulu 32 okha pa 100 ndiwo ali nazo. Mukaphatikiza ziwerengero ziwirizi muona kuti amene ali ndi mfuti nthawi zambiri amakhala ndi zingapo. Neba wanu si wachilendo. Mlenje amakhala ndi ya agwape, ina ya abakha ndi nkhukutembo za kuthengo, ina yaing'ono yophunzitsira ana, mwinanso ina imene anasiya agogo ake yomwe saiombanso koma sangaigulitse.

Ndipo ku Wisconsin kusaka agwape si masewera a anthu ochepa. Nyengo yaikulu yosaka ndi mfuti imatenga masiku 9, kuyambira Loweruka la sabata isanafike ya Thanksgiving, chikondwerero chothokoza cha kumapeto kwa November, ndipo anthu oposa theka la miliyoni amagula ziphaso. Masukulu ena a kumpoto amangotseka sabata yonseyo podziwa kuti m'makalasi mukhala mipando yokhayokha. Mabanja amasonkhana m'timanyumba ta kunkhalango, agogo, atate ndi adzukulu, ndipo nyama imene apha imadzaza filiji mpaka chilimwe. Munthu akaitana mwana wa neba ku zimenezi, wamuitanira m'kati mwenimweni mwa banja lake. Ndi ulemu waukulu, ndipo kwa mwana wa mlendo amene akufunafuna pomwe angaime m'tauni ya azungu okhaokha, si kanthu kochepa.

Alenje ali ndi chonyadira china chimene adzakuuzani mukangowapatsa mpata. Chiyambire 1937, lamulo la Pittman-Robertson limatenga msonkho wa pa mfuti zazitali ndi zipolopolo, umene lero ndi 11 peresenti, n'kuupereka ku zigawo kuti zisamalire nyama ndi nkhalango. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 agwape anali atatsala pang'ono kutha m'madera ambiri a dzikolo. Lero achuluka mpaka amaombedwa ndi magalimoto m'misewu usiku uliwonse, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimene zinawabwezeretsa linachokera m'matumba a alenje. Akamanena kuti iwo ndiwo asunga thengo, sakunama kwenikweni.

Kuthengoko malamulo ndi okhwima. Aliyense wobadwa kuyambira pa 1 January 1973 ayenera kuchita maphunziro a alenje asanagule chiphaso chosakira yekha. Pali njira ina yoti mwana asake asanaphunzire, bola wamkulu akhale pafupi pongotambasula dzanja n'kumukhudza, ndipo mu 2017 chigawochi chinachotsa malire a zaka pa njira imeneyi. Ine ndikuti musadutse njira yachiduleyo. Mwana achite maphunzirowo, amene amayang'aniridwa ndi dipatimenti ya zachilengedwe yotchedwa DNR, ndipo ngati ntchito ikulolani, kakhaleni naye m'kalasimo. Amaphunzitsa mfundo zinayi zimene mlenje aliyense wa kumeneko amaloweza: mfuti iliyonse uziitenga kuti ili ndi chipolopolo, kukamwa kwake kusaloze chimene sukufuna kuononga, udziwe chimene ukuomba ndi chimene chili kuseri kwake, chala chisakhudze chowombera mpaka nthawi yake. Aliyense amavala zowala zamtundu wa lalanje kuti asasokonezedwe ndi nyama. Ngozi za mfuti m'nyengo yosaka zilipo, koma chaka ndi chaka zimakhala zowerengeka poyerekeza ndi khamu limene limalowa m'nkhalango. Chimene chimathyola alenje misana kawirikawiri ndi kugwa pa timipando timene amamanga m'mitengo podikira nyama, choncho funsani ngati mwanayo akakwere mumtengo, ndipo ngati akakwere, akhale ndi lamba womangirira. Akapha gwape, nyamayo ayezetse asanakupatseni, chifukwa kuyambira 2002 ku Wisconsin kunapezeka matenda a muubongo wa agwape otchedwa CWD.

Tsopano funso lovuta lija. Inu mukuopa nkhalango, koma ine chimene ndikuopa ndi nyumba. Mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka mwa iwo anadzipha okha. Inu ngati namwino mukudziwa kuti maganizo odzipha mwa wachinyamata amatha kubwera ngati mphepo n'kupita, koma ngati panthawiyo pali mfuti pafupi, mwayi wachiwiri sumapezeka. Pew inapezanso kuti eni mfuti 72 pa 100 amatchula kudziteteza ngati chifukwa chachikulu chokhalira nayo, pamene otchula kusaka ndi 32 pa 100. Mfuti yosakira imagona m'bokosi lachitsulo chaka chonse. Yodzitetezera ndi imene imakonda kukhala m'dirowa ya kuchipinda, ili ndi zipolopolo kale, kuti mwini aipeze msanga usiku. Ana a zaka 13 akatsala okha m'nyumba amadziwa dirowa iliyonse.

Choncho mufunseni maso ndi maso: mfuti zonse, kuphatikizapo yaifupi ngati ilipo, zimakhomeredwa? Zipolopolo zimakhala kwina? Ana ake akudziwa pobisa kiyi kapena manambala otsegulira? Kwathu kufunsa munthu wamkulu za m'chipinda mwake ndi mwano, ndikudziwa. Kumeneko madokotala a ana amalimbikitsa makolo kufunsa funso limeneli mwana asanakacheze kunyumba ya mnzake, ndipo mlenje wosamala sakhumudwa nalo. Ambiri amakutengani kukakuonetsani bokosilo monyadira. Akapsa mtima kapena kuseka, mwapeza yankho lanu, ndipo mwana asamalowe m'nyumbamo inu kulibe, kaya kokasaka apita kaya sapita. Nkhani ya ku Oxford, Michigan, ikhale m'maganizo mwanu: mu November 2021 mnyamata wa zaka 15 anapha anzake anayi kusukulu ndi mfuti imene makolo ake anamugulira, ndipo mu 2024 makolo onse awiri anapezeka olakwa n'kumangidwa.

Pali zina ziwiri zimene neba wanu mwina sanaziganizirepo chifukwa sizimukhudza. Choyamba ndi mapepala. Malamulo a dzikolo amalola amene ali ndi green card, chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika, kukhala ndi mfuti. Amene ali pa viza yongokhala kwakanthawi, ngati ya sukulu kapena ya ntchito, amaletsedwa kupatulapo pa zifukwa zochepa, chimodzi mwa izo kukhala ndi chiphaso chosakira chimene chikugwira ntchito. Amene alibe mapepala saloledwa n'komwe. Simunandiuze kuti inu ndi mwanayo muli pati, ndiye ngati si nzika kapena mulibe green card, funsani loya wa za olowa m'dziko mwana asanagwire mfuti ngakhale kongoyeserera. Chachiwiri ndi khungu. Mu 2016, Philando Castile, munthu wakuda wa ku Minnesota amene ankagwira ntchito m'khitchini ya pasukulu, anaimitsidwa ndi wapolisi pamsewu, nanena mwaulemu kuti ali ndi mfuti, imene anali nayo mwachilolezo, ndipo anaomberedwa n'kufa m'galimoto yake. Mnyamata wanu akule akudziwa kuti lamulo ndi limodzi koma maso a anthu si amodzi. Asamajambulitse atanyamula mfuti n'kuika pa intaneti, ndipo chipolopolo kapena mpeni wosendera nyama zisaiwalike m'chikwama chimene amapita nacho kusukulu, chifukwa kumeneko sadzamufunsa kuti anali kokasaka.

Nanga zikugwirizana pati ndi sukulu? Poyamba ndi malo. Anthu a m'matauni aang'ono ndi kumidzi ya ku America ambiri amamva kuti zochita zawo zimagamulidwa ndi anthu a kutali, a m'mizinda ikuluikulu ngati Madison, Milwaukee kapena Washington, amene sanagwirepo mfuti ndipo amawaona ngati otsalira. Munthu amene amati banja langa ndiliteteza ndekha, nyama ndipha ndekha, sachedwa kunena kuti ana anga ndiphunzitsa ndekha. Kenako ndale zinamanga mfundo. Bungwe la eni mfuti la NRA lakhala likuthandiza kwambiri chipani cha Republican. Mabungwe awiri aakulu a aphunzitsi, NEA imene ili ndi mamembala pafupifupi 3 miliyoni ndi AFT, ndalama zawo za kampeni zimapita makamaka ku chipani cha Democratic, chimenenso chimafuna malamulo okhwima a mfuti. Ndiye kwa neba wanu, bungwe la aphunzitsi ndi thumba la ndalama la anthu amene akufuna kumulanda mfuti. Ku Wisconsin ziwirizi zinachitikira chaka chimodzi: mu 2011 bwanamkubwa Scott Walker anasaina lamulo lothyola mphamvu za mabungwe a antchito a boma, nasainanso lamulo lolola anthu kuyenda ndi mfuti yobisa.

Koma mfundoyo inamangidwa ndi andale, si chibadwa. Aphunzitsi ambiri a kumpoto kwa Wisconsin amasaka agwape ngati wina aliyense. Ndipo mu 2018 aphunzitsi a ku West Virginia, chigawo cha alenje chimene chinavotera Donald Trump mwaunyinji, ananyanyala ntchito m'maboma onse 55 mpaka anawonjezeredwa malipiro ndi 5 peresenti.

Pali pamene bamboyo akunena zoona, ndipo ndisabise. Nthawi ya Covid, masukulu a m'mizinda ikuluikulu, kumene mabungwe a aphunzitsi ali ndi mphamvu, anachedwa kutsegula. Ku Milwaukee ana anayamba kubwerera m'makalasi mu April 2021, chaka chathunthu chitadutsa. Ku Chicago, ngakhale mu January 2022, maphunziro anaima masiku asanu chifukwa cha mkangano wa bungwe la aphunzitsi ndi akuluakulu a mzinda. Mayeso a dziko lonse a NAEP a 2022 anaonetsa kutsika kwa masamu kumene sikunaonekepo chiyambire mayesowo. Makolo anaona ana awo akuodzera pa kompyuta, anaonanso kwa nthawi yoyamba zimene zimaphunzitsidwa, ndipo ena sanakondwe nazo. Ofesi ya kalembera wa anthu inapeza kuti mabanja ophunzitsa ana pakhomo anakwera kuchoka pa 5.4 peresenti kufika pa 11.1 peresenti m'chaka cha 2020 chokha, ndipo pakati pa mabanja a anthu akuda kukwerako kunali kwakukulu kuposa apo. Choncho kudandaulaku si kwa azungu a mfuti okha. Ndi zoonanso kuti bungwe la aphunzitsi linakhazikitsidwa kuti liteteze mphunzitsi. Si tchimo, ndiyo ntchito yake, ndipo amene munali kumudzi mu 2021 pamene TUM, bungwe la aphunzitsi la ku Malawi, inanyanyalitsa aphunzitsi pofuna ndalama ya chiopsezo cha Covid mukudziwa kuti madandaulo awo amatha kukhala omveka ana n'kumakhalabe pakhomo. Kholo lingodziwa kuti pa tebulo la zokambiranazo palibe amene anatumidwa ndi mwana wake.

Pamene ndikusiyana naye ndi apa, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amangobwereza za pa wailesi. Wisconsin ndi chimodzi mwa zigawo za America zimene mlandu woti mabungwe a aphunzitsi akulamulira sukulu uli wovuta kuuimika. Lamulo lija la 2011, lotchedwa Act 10, linabwera ndi phokoso lalikulu. Anthu zikwizikwi anadzaza nyumba ya malamulo ku Madison kwa masabata, aphungu 14 a chipani cha Democratic anathawira ku Illinois kuti voti isachitike, ndipo mu 2012 panachitika chisankho chofuna kuchotsa Walker chimene iye anapambana. Lamulolo linadutsa. Linasiyira aphunzitsi mphamvu yokambirana za malipiro oyambira okha, ndipo kukwera kwake kusapose kukwera kwa mitengo ya zinthu pokhapokha anthu a m'deralo atavomereza pa voti. Za maola a ntchito, kachotsedwe ka mphunzitsi waulesi, kukula kwa kalasi, zonsezi zinachoka pa tebulo. Bungwe lililonse linayenera kuvoteredwanso chaka ndi chaka kuti lipitirire, ndipo ndalama za umembala zinasiya kudulidwa pa malipiro. Apolisi ndi ozimitsa moto lamuloli silinawakhudze, chinthu chimene woweruza wina ku Dane County, boma limene muli mzinda wa Madison, anachitchula mu December 2024 pogamula kuti mbali zambiri za lamuloli n'zosemphana ndi malamulo a chigawocho, ngakhale chigamulocho chinaimitsidwa podikira apilo. Bungwe lalikulu la aphunzitsi m'chigawomo, WEAC, linataya mamembala oposa theka. Sitalaka ya aphunzitsi inali yoletsedwa kale ndi kale: mu 1974 tauni ya Hortonville inachotsa ntchito aphunzitsi oposa 80 chifukwa chonyanyala.

Ndiye ngati sukulu ya m'tauni mwanu ili ndi vuto lero, patatha zaka zoposa khumi bodi ya sukulu ili ndi mphamvu yolemba ndi kuchotsa mphunzitsi mmene ikufunira, kuloza chala bungwe kokha sikukwanira. Chimene chinatsatira Act 10 ndi chakuti aphunzitsi ambiri akale anapuma ntchito mu 2011 momwemo, ndipo aluso anayamba kusamukira kumene kukulipira bwino, zimene zimapweteka matauni aang'ono ngati anu. Masukulu ambiri a kumidzi anatsegulanso zitseko mu September 2020, Milwaukee ili chitsekere. Mufunseni neba kuti sukulu ya kwanuko inatseka nthawi yaitali bwanji. Mwina mupeza kuti mkwiyo wake ndi wa Chicago, osati wa sukulu imene ili kuseri kwa nyumba zanu.

Palinso ndalama. Gawo lalikulu la ndalama za sukulu limachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo kalata yake imafika mu December. Kuyambira 1993 chigawochi chinaika malire a ndalama zimene sukulu zingatolere, ndiye zikaperewera zimapempha anthu kuti avotere kuwonjezera msonkho. Bambo amene ana ake akuphunzira pakhomo amalipirabe msonkhowo. Sindikuti ndicho chifukwa chake chokha, koma munthu akamalipira chinthu chimene sachigwiritsa ntchito, zolakwa zake amaziona msanga.

Njira zina zilipo, ndipo Wisconsin ndi kumene zina zinayambira. Mu 1990 Milwaukee inayamba kupereka ndalama ya boma yoti kholo losauka likalipirire mwana kusukulu yoyima payokha, ngati makuponi a fetereza amene umapita nawo kwa wogulitsa amene wasankha. Amene analimbikira zimenezi anali phungu wachikuda wa chipani cha Democratic, mayi Polly Williams, mogwirizana ndi bwanamkubwa wa Republican, Tommy Thompson. Mungathenso kupempha kuti mwana apite kusukulu ya boma ya dera lina, ndipo mafomu ake amalandiridwa kuyambira February mpaka kumapeto kwa April. Kuphunzitsa pakhomo nakonso n'kosavuta pa mapepala: mumadzaza fomu ya PI-1206 chaka chilichonse ndi kulonjeza maola 875 a maphunziro, ndipo palibe amene amabwera kudzayesa mwanayo. Kumasuka kumeneko ndi ubwino wake, ndi kuopsa kwake komwe. Mabanja amene zimawayendera nthawi zambiri amakhala ndi kholo limodzi lokhala pakhomo tsiku lonse. Inu mukachoka ku shifiti ya usiku, ndani akhale ndi mnyamata wa zaka 13 pa alijebula? Ndipo ngati wina akuuzani kuti sukulu yoyima payokha ndiyo yotetezeka ku mfuti, kumbukirani kuti kuombera kwa mu December 2024 ku Madison kunachitika pasukulu yachikhristu yoyima payokha.

Sukulu ya mwana wanu muiweruze ndi mwana wanu. Dipatimenti ya maphunziro ya chigawocho, DPI, imatulutsa lipoti la sukulu iliyonse pa intaneti. Lionetsa mmene ana akuchitira, ndipo muyang'ane makamaka mmene ana akuda akuchitira, chifukwa Wisconsin ndi chimodzi mwa zigawo zimene kusiyana kwa ana akuda ndi azungu pa mayeso kuli kwakukulu kwambiri. Pa tsiku lokumana ndi aphunzitsi musakhutire ndi mawu oti ndi mwana waulemu. Ana athu amayamikiridwa ulemu kwinaku akuikidwa m'kalasi ya masamu ofooka. Funsani kuti akuwerenga pa mlingo wa kalasi iti, ali m'gulu liti la masamu, ndipo chofunika n'chiyani kuti akwere. Misonkhano ya bodi ya sukulu ndi yotsegukira aliyense ndipo mutha kuyankhulapo ngakhale si inu nzika. Chisankho cha bodiyo chimachitika mu April, koma ngati si inu nzika musayerekeze kuvota, ngakhale wina akuuzeni kuti ndi kachisankho kakang'ono, chifukwa mapepala anu angathere pomwepo.

Kwa neba, simuyenera kupambana mkangano. Muuzeni kuti za sukulu mwamva ndipo mukuzifufuza, za kusaka mwavomera pa mfundo zanuzo. Ngati November akuonekabe pafupi kwambiri, pemphani kuti ayambe ndi kuwedza nsomba, kumene mwana wosafika zaka 16 safunika n'chiphaso chomwe, ndipo mfuti idikire chaka chamawa. Mukasankha chaka chino, lembetsani maphunziro a alenjewo msanga pa tsamba la DNR, chifukwa makalasi amadzaza nyengo yosaka ikamayandikira, ndipo mumugulire nsapato ndi magolovesi enieni a chisanu. Kukhala chete mumtengo kuyambira mbandakucha kumapeto kwa November ku Wisconsin si kuzizira kwa ku Dedza.